Chifukwa Chimene Ndinkaiwalira Jakisoni

Lachiwiri, 4 Marichi

Andigoneka dzulo masana. Wodi ya amayi, bedi 6, pafupi ndi zenera. Za dzulo sindikukumbuka zambiri. Akuti ndinagwa ku saluni ndili pakati poluka kasitomala, ndipo mnzanga amene ndimagwira naye ntchito ndiye anathamanga nane kuno. Shuga anali 31. Diripi kumanja, diripi kumanzere. Lero m'mawa watsika, ali 19.

Kope ili andipatsa ndi Sisita wamkulu wa wodi ino kuti ndizilembamo shuga. Odwala amawatchula Sisita Wotchi, chifukwa akati mankhwala sikisi koloko, ndi sikisi kolokodi. Ndawafunsa ngati ndingalembemonso zina. Akuti, "Lembani ngakhale nyimbo, bola manambala akhalemo."

Ndili ndi zaka 39. Shuga anandipeza zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Aka ndi kachitatu kugonekedwa chaka chisanathe, ndipo katatu konse chifukwa chake ndi chimodzi: sindinabaye insulini.

Lachitatu, 5 Marichi

Shuga 15, 13, 14. Mutu ukulemera.

Apeza bala pansi pa chala chachikulu cha phazi lamanzere. Ndinaponda pini ya tsitsi masabata awiri apitawo, ndinkangoti ndipita kuchipatala mawa. Bala lalowa mkati. Andiyamba mankhwala a m'mitsempha, katatu patsiku, kwa masabata awiri kapena atatu. Zotuluka msanga ndiiwale.

Bambo a mwana abwera masana ndi mazira owiritsa ndi tiyi wopanda shuga. Utuchi unali ukadali m'tsitsi, achokera ku shedi kwawo kumene amapala matabwa. Anandisendera dzira, nandipatsa, kenako anakhala pa mpando.

"Make mwana, Lolemba seveni koloko ndinakuimbirani. Munati mwabaya."

Ndinati eya, ndinatero.

"Botolo latsopano ndinakatenga Lachisanu. Ndalipeza m'firiji losatsegula."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Ine ndatopa ndi kuopa. Ngati moyo simukuufuna mundiuze, ndidziwe chimene ndikulimbana nacho."

Moyo ndimaufuna. Ndikamati ndabaya, ndimakhala nditanyamuka kale kupita ku firijiko. Kungoti pakati pa mpando ndi firiji pamapezeka china.

Lachinayi, 6 Marichi

Shuga 11, 12, 10. Achotsa diripi imodzi.

Pa bedi 7 pali mayi wachikulire amene aliyense amawatchula Madamu. Anaphunzitsa ku pulayimale zaka 34. Shuga yemweyu anawadulitsa mwendo pansi pa bondo sabata yatha. Sindinawamvepo akubuula. Amadzuka sikisi koloko isanakwane, amapesa tsitsi, amapinda bulangete ngati envulopu, kenako amawerenga nyuzipepala ali ndi pensulo m'manja, kukonza zolakwa za atolankhani.

Lero andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwana wanga, mwendo wakowo ukugwedeza mpaka bedi langa. Ine ndatsala ndi umodzi ndipo uli phee. Iwe uli nayo iwiri, yonse yosamva."

Ndaseka koyamba chibwerere. Ndinauletsa mwendowo. Patapita mphindi ziwiri unayambanso wokha.

Lachisanu, 7 Marichi

Shuga 9, 11, 9.

Lero ndilemba zambiri chifukwa pachitika chinthu.

Adokotala a shuga ndi mayi wamfupi, woyenda mothamanga, amene amabwera ndi gulu la ophunzira pambuyo. Ndinakonzekera kukalipiridwa, ndinazolowera. Koma atawerenga fayilo yanga anauza ophunzirawo kuti atsogole, iwo nakhala pa bedi panga penipeni.

"Mayi, sindikufunsani ngati mukudziwa kuopsa kwa shuga. Mukudziwa. Tandiuzeni za Loweruka lapitali, kuyambira pamene munadzuka. Musadumphe kanthu."

Ndinafotokoza. Ndinadzuka, ndinateleka madzi a tiyi, ndinapita ku firiji kukatenga insulini. Nditatsegula ndinaona kuti mkaka watayika pa shelefu. Ndinapita kukatenga kansalu. Kansaluko kanali pa chingwe, ndiye ndinaanula zovala zonse. Ndikupinda zovala kasitomala anaimba kuti wafika kale. Ndinasaka makiyi mphindi makumi awiri, anali m'thumba la diresi limene ndinavala. Ketulo inapserera. Firiji inakhala yotsegula mpaka madzulo.

"Zimenezi zimachitika kangati?"

"Tsiku lililonse, adokotala. Zimangosiyana zinthu zake."

"Zinayamba mutadwala shuga?"

"Ayi. Ndinabadwa choncho. Kwathu ankanditchula Kamphepo."

"Nanga tsitsi mumaluka maola angati osadzuka?"

Ndinati sikisi, mwina seveni. Ndikagwira mutu wa munthu dziko lonse limazima. Sindimva njala, sindimva foni, ngakhale kuchimbudzi sindipita.

Anavula magalasi, nawapukuta ndi kolala ya gauni. Anati akufuna ndionane ndi dokotala wa za maganizo. Ndinafunsa ngati akuganiza kuti ndapenga.

"Ayi. Ndikuganiza kuti takhala tikukukalipirani zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sizikuthandiza. Munthu amene sasamala za moyo wake salira akamafotokoza za mkaka wotayika."

Sindinadziwe n'komwe kuti ndikulira.

Loweruka, 8 Marichi

Shuga 8, 10, 9. Bala likutulutsabe mafinya.

Ndauza Sisita Wotchi kuti dokotala wa maganizoyo sindikumufuna. Makasitomala akamva adzati woluka uja anazungulira mutu, ndani adzandipatse mutu wake? Sisita anapitiriza kutsuka bala. Manja awo ndi odabwitsa. Amachotsa bandeji yomatirira osakoka ngakhale pang'ono, amanyowetsa, amadikira, amanyowetsanso. Wodi ili ndi mabedi 24 koma akakhala pa phazi lako umakhala ngati wodwala ndiwe wekha.

Atamanga anati, "Chala ichi tingachipulumutse ulendo uno. Ulendo wachinayi sindikulonjeza. Dokotalayo abwera Lolemba teni koloko. Mukafuna kumubweza mudzamubweze nokha."

Lamulungu, 9 Marichi

Shuga 9, 8, 8. Mnzanga wa ku saluni wabwera ndi malalanje. Kasitomala amene ndinamusiya theka uja anamumaliza yekha, ndipo akuti mbali yangayo ndi imene ikuoneka bwino. Ndikudziwa kuti akungondisangalatsa, komabe ndasangalala.

Lolemba, 10 Marichi

Shuga 7, 9, 8.

Sindinawabweze. Adokotala a maganizo ndi bambo wamtali, wa ndevu zoyera, wolankhula pang'onopang'ono mpaka ndinkawamalizira mawu. Katatu konse ndinapepesa. Iwo anati, "Musapepese, zimenezo ndikulembanso."

Tinakhala m'kachipinda ka anamwino ola limodzi ndi theka. Anandipatsa fomu ya mafunso 18. Kodi mumavutika kumaliza ntchito ikafika pa mbali yotopetsa? Kodi mumataya zinthu? Kodi mumalephera kukhala pansi nthawi yaitali? Kodi mumadula anthu pakamwa? Ndinawafunsa ngati fomuyo anailemba ndi bambo a mwana. Anaseka.

Anafunsanso za tulo, za mowa, za chamba, ngati ndimakhala wokhumudwa masabata ambiri, ngati ndinaganizapo zodzipha. Ayi, ayi, ayi. Funso lomalizali anafunsa kawiri, m'njira ziwiri zosiyana, akundiyang'ana m'maso. Ndinati sindinaganizepo, koma amuna anga akuganiza kuti ndi zimene ndikuchita.

Sananene kuti ndili ndi chiyani. Akuti fomu yokha siyikwanira. Shuga wokwera nayenso amasokoneza mutu, chithokomiro chimatero, kuchepa magazi kumatero, ndiye ayambe ayeza zonsezo. Akufunanso munthu amene anandidziwa ndisanakwane zaka 12, ndi munthu amene amakhala nane panopa. Ndawapatsa nambala ya amayi.

Ndakonda kuti sakuthamanga. Ine moyo wanga wonse ndathamanga.

Lachiwiri, 11 Marichi

Shuga 8, 7, 9. Atenga magazi mabotolo atatu. Bala layamba kufiira m'mbali, Sisita akuti ndi chizindikiro chabwino. Ndatopa.

Lachitatu, 12 Marichi

Shuga 7, 8, 8.

Amayi afika ndi basi ya m'mawa, atavala diresi lawo la ku tchalitchi. Ali ndi zaka 68. Anatilera ana asanu ali okha, akuchapa zovala ku hotela. Anakhala kutsogolo kwa adokotala a maganizo atagwira chikwama pa maondo ngati afika ku khoti.

"Mayi, mwana wanuyu ali wamng'ono anali wotani?"

"Anali wanzeru kuposa abale ake onse anayi, adokotala, ndipo anali wovuta kuposa onse anayi mutawaphatikiza."

Anafotokoza zinthu zimene ine ndinaiwala. Kuti anandituma mchere, ndinabwera patapita maola atatu ndilibe mchere, nditaluka ana onse a pa mpopi. Kuti chaka chimodzi ndinataya majuzi anayi a sukulu. Kuti kalasi yachinayi ndinabwereza, osati chifukwa cholephera, koma ndinayankha tsamba loyamba lokha la mayeso, lachiwiri sindinalione. Kuti aphunzitsi ankandikhazika pansi pa bolodi penipeni kuti ndisaone zenera.

"Inu munkatani?"

"Pensulo ndinkamumangirira pakhosi ndi chingwe. Kiyi wa nyumba ndinamusokerera ku lamba wa yunifolomu. Ndikamutuma zinthu zitatu ndinkazipanga kanyimbo, aziimba njira yonse. Akaimba ankabwera nazo." Anayang'ana chikwama chawo. "Ndinkamumenyanso, adokotala. Ndisabise. Ndinkachokera ku ntchito manja atatupa, n'kupeza mphika wapserera. Ndinkaganiza kuti ndi mwano."

Adokotala anaika cholembera pansi. "Mayi, chingwe, lamba, kanyimbo, zimenezo ndi zimene ife timaphunzitsa lero titapita ku sukulu zaka zambiri. Inu munazipeza nokha. Ndodo yokhayo ndi imene sinkagwira ntchito."

"Ndinaona kuti sinkagwira," anatero amayi. "Koma ndinalibe wondiuza china."

Titatuluka anandithandiza kukwera pa bedi, nandifunditsa ngati mwana. Sanapepese ndi pakamwa, amayi sachita zimenezo. Anatenga phazi langa lodwalalo, naliika pa miyendo yawo, nakhala choncho mpaka belu la alendo linalira.

Lachinayi, 13 Marichi

Shuga 8, 8, 7. Magazi atuluka. Chithokomiro chili bwino, magazi ndi okwanira.

Lero inali nthawi ya bambo a mwana. Ine ndinakhala pakona. Anayankha funso lililonse ngati akuyeza thabwa, osawonjezera, osachepetsa. Maketulo opserera: asanu. Mafoni otayika: atatu. Tsiku limene ndinaiwala mwana wathu ku sukulu ya mkaka mpaka mlonda anabwera naye. Ndinkafuna pansi patseguke.

Adokotala atatseka fayilo, iwo anati, "Musatseke. Mulembenso kuti mkazi ameneyu akalowa m'nyumba ya maliro, anthu amayamba kudya. Mulembenso kuti bambo anga atafa ziwalo, ndi iyeyu yekha amene ankamva zimene akunena. Musangolemba maketulo."

Adokotala anatsegula fayilo nalembadi.

Kenako bambo a mwana anafunsa funso limene ndikudziwa kuti lawadya chaka chonse. "Akamandiuza kuti abaya asanabaye, ndi matendawo kapena ndi bodza?"

Ndinkayembekeza kuti adokotala anditeteza. Sananditeteze, sanandiponderezenso. Anati, "Kuiwalako sachita kufuna. Koma kunena kuti ndabaya, amenewo ndi manyazi a munthu amene wakalipiridwa kuyambira ali mwana. Kuiwala tingathandize ndi mankhwala ndi njira zina. Bodzalo ayenera kulisiya okha, ndipo inu muwapatse malo oti anene zoona osaopa."



Lachisanu, 14 Marichi

Shuga 7, 9, 7. Kuthamanga kwa magazi 118 pa 76. Sikelo 61. Ajambula mtima ndi timawaya tomata pachifuwa, uli bwino.

Adokotala a maganizo andiuza. Dzina lake ndi ADHD. Akuti ndi mmene ubongo wa anthu ena unapangidwira: umavutika kusankha choti ugwire ndi choti usiye, umavutika kusunga m'mutu chinthu chimene ukufuna kuchita pakapita mphindi zisanu, koma ukakonda chinthu umakakamira osasiya. Si misala, si ulesi, si kuchepa nzeru. Umayamba uli mwana. Ambiri, makamaka atsikana, amakula nawo osadziwika, amangotchedwa osasamala. Sutha, koma pali mankhwala othandiza ndi njira zokhalira nawo.

Ndinafunsa kuti ndikanadziwa ndili ndi zaka 10, bwenzi nditamaliza sukulu? Anati sakudziwa, ndipo sangandinamize.

Masana onse ndinafunda kumutu. Sindikudziwa ngati ndimalira chifukwa chokondwa kapena chifukwa chokwiya. Zonse ziwiri, mwina.

Loweruka, 15 Marichi

Shuga 8, 7, 8.

Madamu lero sanakonze nyuzipepala. Anamva zonse dzulo, makatani a muno sabisa mawu. Anali ndi pensulo koma amalemba kuseri kwa khadi lawo la mankhwala.

"Ndikuwerenga ana," anatero. "Amene ndinkawagwaditsa pa miyala chifukwa choyang'ana pa zenera. Ndafika leveni. Wina ndinkamutchula Chidebe Chobooka kalasi yonse ikumva. Anasiya sukulu chaka chomwecho."

Ndinati simunkadziwa, Madamu.

"Kusadziwa kwanga anakulipira ndi iwo." Anapinda khadilo. "Adokotala ako aja akabwera Lolemba, uwauze kuti bedi 7 ikuwafuna. Andilembere zizindikirozo pa pepala m'mawu osavuta. Aphunzitsi theka a pa sukulu yanga yakale ndinawaphunzitsa ndine. Ndikawaitana amabwera, mwendo ulipo kapena palibe."

Mayi ameneyu wadulidwa mwendo masabata awiri apitawo, ndipo akukonza msonkhano.

Lolemba, 17 Marichi

Shuga 7, 8, 7.

Ndayamba mankhwala. Dzina lake methilifenideti, mamiligalamu 5 m'mawa, 5 masana. Andichenjeza: kuuma kukamwa, mtima kugunda msanga, kusowa tulo ndikamwa mochedwa, ndipo chachikulu kwa ine, kusamva njala. Aziyeza kuthamanga kwa magazi kawiri patsiku.

Ola loyamba palibe chimene ndinamva. Ndinati basi, ngakhale mankhwala andilephera. Kenako Madamu anandipatsa nyuzipepala, ndinawerenga nkhani ya tsamba lonse mpaka pa mpumiro womaliza. Ndinazindikira nditamaliza. Wailesi ya pa bedi 10 imalira, teyala la ngolo ya mankhwala limalira, ndimazimva ndithu, koma sizimandikoka. M'mutu mwanga nthawi zonse mumakhala ngati pa depoti ya mabasi. Lero munali ngati m'kalasi, phokoso lilipo koma wolankhula ndi mmodzi.

Pofika faifi koloko depoti inabwerera. Kukamwa kwauma. Magazi 124 pa 80.

Lachiwiri, 18 Marichi

Shuga 7, 6, 6. Njala palibe. Mpunga ndi nyemba za masana ndadya masipuni anayi. Bala likutsekeka, lachepa ngati njere ya nyemba.

Lachitatu, 19 Marichi



Masana ndinabaya insulini pa nthawi yake, ndekha, osakumbutsidwa, ndipo ndinanyada. Chakudya chinabwera, ndinachiika pa kabati kuti chizizireko. Njala ndinalibe. Ndinatenga nyuzipepala.

Cha m'ma thuu koloko zilembo zinayamba kusambira. Thukuta thupi lonse. Ndinkafuna kuitana koma lilime linalemera. Chimene ndikukumbuka ndi phokoso: Madamu akumenya chitsulo cha bedi ndi ndodo yawo, akukuwa ndi mawu a pa asembule, "Sisita! Bedi 6! Tsopano!"

Shuga anali 2.6. Sisita Wotchi anandibaya gulukosi m'mtsempha. Patapita mphindi khumi anali 5.4, maso anayamba kuona.

Bambo a mwana anali atangofika, ataima kumapazi kwa bedi ndi thumba la buledi m'manja. Sisita anandifunsa, "Munadya?"

Mbale inali itachotsedwa kale ndi okolopa. Palibe akanadziwa. Mawu akuti "ndinadya" anafika pa mano penipeni, okha, monga amachitira nthawi zonse. Ndinawameza.

"Ayi, Sisita. Ndinabaya koma sindinadye. Ndinaiwala mbaleyo."

"Zikomo," anatero Sisita, ngati ndawapatsa chinthu. "Tsopano tikudziwa chokonza."

Bambo a mwana anaika buledi pa kabati, natuluka panja. Ndinaganiza kuti akwiya. Anabwerera maso ali ofiira, nakhala pa mpando, nayamba kupaka buledi majarini.

Lachinayi, 20 Marichi

Shuga 8, 9, 8. Wofooka.

Madokotala awiri aja anakumana pa bedi panga, wamfupi ndi wamtali. Anakambirana pamaso panga, osati kuseri. A maganizo anati tingasiye mankhwalawa n'kuyesa ena osachotsa njala kwambiri, koma amachedwa kugwira. A shuga anati tingapitirize tikasintha dongosolo. Anandifunsa ine. Ndinati tipitirize.

Dongosolo latsopano: mbale ikhale patsogolo panga ndisanabaye. Ndibaye, ndidye, piritsi pambuyo. Insulini wa masana amuchepetsa ndi mayunitsi awiri. Maswiti atatu m'thumba nthawi zonse.

Lachisanu, 21 Marichi

Shuga 7, 8, 7. Magazi 122 pa 78. Sikelo 60. Piritsi la m'mawa alikweza kufika mamiligalamu 10, la masana likhale 5.

Adokotala a maganizo akuti piritsi silindikumbutsa kanthu, limangondithandiza kumva chikumbutso chikabwera. Ndiye takonza zikumbutso. Alamu ya pa foni itatu, ndipo foniyo izikhala patali kuti ndizichita kuimirira. Ku saluni mnzanga wavomera kuti ikakwana thwelofu azindilanda chipeso, kasitomala akwiye asakwiye. Pa chitseko cha kunyumba tikamata pepala la zinthu zinayi zoyang'ana ndisanatuluke. Ndizibwera ku kiliniki yawo pakatha masabata awiri, kenako mwezi ndi mwezi.

Bambo a mwana abwera ndi kabokosi kamene apanga. Kali ndi mabowo 21, mizere isanu ndi iwiri ya masiku, bowo lililonse jakisoni wake. Ukangoyang'ana umadziwa amene wabayidwa ndi amene sanabayidwe. Akapala bwino, ngodya zake zosalala, apaka vanishi. Sisita Wotchi anakatembenuza m'manja kwa nthawi, kenako anafunsa ngati angapangire wodi ino khumi.

Bambo a mwana akutinso sazindifunsanso pa foni kuti mwabaya. Aziti, "Bayani, ndikudikira pa foni pompano."

Loweruka, 22 Marichi

Shuga 7, 7, 8.

Madamu atuluka mawa, ndiye ndawaluka tsitsi. Mizere yopita kumbuyo, yaing'ono, yoyenera mphunzitsi wamkulu. Tsitsi lawo ndi loyera, lofewa ngati thonje. Zala zanga zinali ndi ludzu la ntchito.

Ndili pakati pa mzere wachisanu alamu inalira pa zenera. Ndinaimva. Zala zinkafuna kumaliza mzerewo, umodzi wokha. Madamu anangokhala phee kudikira. Ndinasiya mzerewo uli theka, ndinatsimphina kukazimitsa alamu, ndinabaya, ndinadya theka la mbale mokakamiza, ndinamwa piritsi, ndinabwerera.

"Mzere wasokonekera?" anafunsa.

Ndinati ayi, wandidikira.

Lamulungu, 23 Marichi

Shuga 8, 7, 7. Madamu apita pa njinga ya odwala, pepala la adokotala lili m'chikwama. Andisiyira pensulo. Pa bedi 7 pabwera mayi wina amene amangogona.

Lolemba, 24 Marichi

Shuga 7, 8, 7. Mankhwala a m'mitsempha atha. Bala lauma, chala chatsala. Ndituluka mawa.

Sisita Wotchi atamanga bandeji yomaliza sanachoke msanga. Anatsegula fayilo yanga, nandionetsa tsamba la chaka chatha, la kugonekedwa kwachiwiri. Panali polembedwa ndi dzanja lawo kuti wodwalayu sasamala za mankhwala ake, walangizidwa mwamphamvu.

"Zolembedwa m'fayilo sitifufuta," anatero. "Koma timaloledwa kuwonjezera."

Pansi pake analemba deti la lero ndi mawu akuti chifukwa chake chapezeka, onani tsamba la adokotala a maganizo. Anasayina, nayang'ana wotchi, napita ku bedi 8.

Zaka makumi awiri ali pa wodi ino. Sindinkadziwa kuti munthu wotero angabwerere ku mawu ake popanda womukakamiza.

Lachiwiri, 25 Marichi

Ndikulemba ndili kunyumba, pa tebulo la kukhitchini.

Anatitulutsa leveni koloko. Ndinatsanzikana ndi wodi yonse, bedi ndi bedi, ndinalonjeza anthu atatu kuti ndidzawaluka, ndinasekedwa chifukwa cha silipasi imodzi yaikulu ya phazi la bandeji. Bambo a mwana ananyamula chikwama ndi beseni. Tinatsika masitepe pang'onopang'ono, tinadutsa pa famase, tinadutsa poimika magalimoto. Iwo anali chete zachilendo, akuyenda ngati munthu amene nsapato yamuthina.

Titatsala pang'ono kufika pa geti ndinapisa m'thumba kufuna switi, ndinapeza kapepala ka zinthu zinayi kokamata pa chitseko kaja. Ndinati dikirani. Foni ilipo. Makiyi alipo. Maswiti alipo. Mankhwala.

Thumba lonse, insulini ndi mapiritsi omwe, ndinalisiya pa kabati ya bedi 6.

"Ndaiwala mankhwala," ndinatero.

Anaika beseni pansi, napumira m'mwamba. "Ndinaliona tikunyamuka. Ndinati ndikhale chete mpaka pa geti, tikafika pa geti ndinena. Make mwana, lilime ndaluma mpaka likuwawa."

Tinaseka mpaka mlonda wa pa geti anatiyang'ana. Anati akatenge okha chifukwa cha phazi langa. Ndinakana. Tinabwerera tonse, masitepe onse aja. Sisita anali ataliika kale pa tebulo lawo. Anandipatsa osanena kanthu za kuiwalako, anangoti kiliniki ndi pa 8 Epulo, naini koloko, ndipo naini yake ndi nainidi.

Ndikudziwa kuti tsiku lina ndidzaiwala mpaka kufika kunyumba. Adokotala ananena kale kuti zidzachitika, ndipo tsiku limenelo ntchito yanga ndi kunena.

Sikisi koloko alamu yalira. Shuga 7.8. Mbale inali pa tebulo, kabokosi pambali pake. Ndabaya. Bambo a mwana anali pomwepo, akudula buledi, ndipo sanatembenuke kuti aone.